Momwe mungaonere mizu ya m'mbali ikubadwa pa namasupuni ndi pa mpunga

Mukatola namasupuni pa mtsinje wa Shire n'kumutukula m'mwamba, chimene chimayamba kukopa maso si duwa lake la pepo lokhala ndi kadontho kachikasu lija ayi, koma ndevu zakuda zimene zikulendewera pansi, madzi ali chuchuchu. Ana ambiri amati ndi ubweya. Inenso ndinakhala zaka ndikuganiza choncho, mpaka tsiku lina nditayala muzu umodzi m'mbale yoyera yokhala ndi madzi, n'kuuona ukutambasuka ngati nthenga ya nkhanga. Katsitsi kalikonse pamenepo ndi muzu weniweni, wokhala ndi nsonga yake, kachisoti kake ndi njira yake ya madzi mkati. Imeneyi ndiyo mizu ya m'mbali. Ndipo siiphuka pakhungu monga imachitira nthambi pa tsinde. Imabadwira mkatikati mwa muzu waukulu, kenako n'kudziboolera pokha potulukira.

Zimenezi mungathe kuziona pakhonde panu m'masabata atatu, ngakhale mulibe maikulosikopu.

Zofunika kukonzeratu

Pezani zidebe ziwiri zofanana za malita 10, makamaka zakuda kapena zamtundu wosaonekera mkati. Mufunikanso mbale yoyera yosazama, lezala latsopano, rula, ulusi wamitundu iwiri, kope ndi pensulo, chidutswa cha neti yakale ya udzudzu, botolo lagalasi lapakamwa potakata, karoti mmodzi wa pamsika, mpunga wosapuntha wodzaza dzanja limodzi, ndi feteleza wokulitsa uja wa NPK pang'ono chabe. Galasi lokulitsa zinthu likapezeka ndi bwino. Likasowa, kamera ya foni imathandiza: jambulani pafupi, kenako kulitsani chithunzicho ndi zala.

Gawo loyamba: kukatenga namasupuni

Pano ndiyankhule mosapsatira. Namasupuni si chomera chosewera nacho. Kwawo ndi ku South America, m'chigwa cha mtsinje wa Amazon, ndipo kuno anayamba kuoneka ku chigwa cha Shire m'zaka za m'ma 1960. Madzi akafunda ndiponso akakhala ndi chakudya, gulu lake limatha kuwirikiza kawiri m'masabata awiri okha. Ndiye chifukwa chake pa Kamuzu Barrage ku Liwonde pali chotchingira zinyalala zam'madzi, kuti iye ndi udzu wina woyandama asakatseke makina opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. M'zaka za m'ma 1990 m'Malawi muno anabweretsa tizilombo ta mtundu wa Neochetina kuti tizimudya. Mukaona timabala tating'onoting'ono tokandika pa masamba, ndi ntchito ya tizilombo timeneto. M'mabuku akale mupeza dzina loti Eichhornia crassipes. Kuyambira 2018 akatswiri ambiri amalemba Pontederia crassipes. Chomera chake ndi chomwecho.

Choncho tengani pokhapo pamene alipo kale pafupi ndi kwanu, ndipo musapite naye kudera kumene kulibe. Ngati kwanu kulibe, kapena muli ku South Africa kumene malamulo amaletsa kumusunga, dumphani mupite ku gawo la mpunga. Phunziro lake simuluza.

Musalowe m'madzi. Mumizu ya namasupuni mumabisala nkhono zimene zimafalitsa likodzo, ndipo pansi pa gulu lake ng'ona imagona osaoneka. Imani pamtunda, kokani ndi nsungwi yayitali, kapena pemphani msodzi amene ali m'bwato akutolereni. Valani magolovesi, kapena jumbo m'manja.

Posankha, siyani zikuluzikulu zamizu yakuda bii. Yang'anani ana. Namasupuni amatulutsa kachingwe kopita cham'mbali, ndipo kumapeto kwake kumamera mwana. Mukufuna ana asanu ndi mmodzi ofanana msinkhu, a masamba atatu kapena anayi, amene mizu yawo ikadali yoyera ndi yaifupi ngati chala chakankombaphala. Dulani kachingwe kaja ndi lezala, tsukani anawo m'madzi oyera, chotsani nkhono ndi mazira ake onse.

Gawo lachiwiri: zidebe ziwiri, chimodzi chanjala china chokhuta

Thirani madzi a mvula kapena a pamjigo m'zidebe zonse ziwiri. Akakhala a pampopi, agoneni usiku umodzi osavundikira kuti klorini achoke. M'chidebe choyamba musaikemo kanthu. M'chachiwiri sungunulani feteleza wotsina ndi zala ziwiri basi, wosafika ngakhale kotala ya chitsekerero cha botolo. Dzanja likalemera mupsereza mizu. Ikani ana atatu uku, atatu uku, ndipo lembani pa chidebe chilichonse kuti musadzasokoneze.

Ziikeni pamalo pamene dzuwa limafika m'mawa koma masana pamakhala kamthunzi, ndipo muzivundikire ndi neti momasuka kuti udzudzu usaikiremo mazira. Ulendo wanga woyamba ndinagwiritsa ntchito zigubu zoonekera mkati poganiza kuti ndiziona mizu mosavuta. Pasanathe sabata madzi anasanduka obiriwira, ndere zinakuta mizu yonse ngati mamina, ndipo zotsalazo mbuzi ya aneba inamaliza. Chidebe chakuda, pamalo okwera. Madzi muziwasintha pa sabata kamodzi, osaiwala kachitsine ka feteleza m'chidebe chachiwiri. Miyezi yotentha ndiyo yabwino pa ntchito imeneyi. Mu June ndi July mizu imakula mwaulesi ndipo mudzatopa kudikira.

Gawo lachitatu: yalani muzu umodzi, muuwerenge kuyambira kunsonga

Pakatha masiku atatu kapena anayi, tulutsani mwana mmodzi, mumugoneke m'mbale yoyera muli madzi ochepa ongokwanira kumiza mizu. Kunja kwa madzi mizu imamatana ngati ndevu zonyowa, simungaone kanthu. M'madzi imayalika yokha.

Yambani mwaona pamene mizu ikuluikulu ikuchokera. Siikuchokera pa muzu umodzi wapakati monga zimakhalira pa nyemba kapena mango. Ikutuluka pa tsinde lalifupi, pansi pa masamba, uliwonse paokha. Sankhani umodzi woongoka, wotalika masentimita 5 kapena kuposerapo.

Kunsonga kwenikweni muona kachisoti kakatali, koderapo, kovala nsongayo ngati kachikwama. Mukakagwira mosamala ndi zikhadabo kamavuka. Zomera zambiri zoyandama, monga namasupuni ndi kabichi wam'madzi uja amati Pistia, zili ndi kachikwama kotere. Pamwamba pa kachisoti pali chigawo chosalala, choyera, chopanda kanthu. Kwezani maso pang'ono: muyamba kuona timatuza ting'onoting'ono ngati mitu ya singano. Pamwamba pake timatuza tija tasanduka timinga tatifupi. Pamwambanso timinga tija tatalika, ndipo kufupi ndi tsinde ndi ulusi wautali wopanga nthenga ija.

Mwaona mibadwo yonse pa muzu umodzi. Akhanda ali kufupi ndi nsonga, akuluakulu ali kufupi ndi tsinde. Dongosolo limeneli silisokonekera kawirikawiri, chifukwa muzu umakulira kunsonga kokha, ndipo ukamapita patsogolo umasiya ana m'mbuyo mwake motsatana.

Tsopano utembenuzeni muzuwo pang'onopang'ono ndi nsonga ya pensulo. Muona kuti timizu sitinamere mwachisawawa. Tandanda m'mizere yotsika ndi muzu, ngati mizere ya m'munda. Ikani rula pansi pa mbale, muwerenge timizu tonse pa sentimita imodzi ya chigawo chokhwima. Mupeza makumi angapo, ndipo mudzasokonezeka kawiri katatu musanamalize. Kujambula ndi foni n'kuwerengera pa chithunzi n'kosavutirapo.

Zimene zikuchitika mkati

Apa tiyeni tikhale pansi pang'ono, chifukwa ndi pamene pagona nkhani.

Muzu uli ngati chingwe cha magetsi. Kunja kuli khungu. Mkati mwake muli mnofu wofewa, umene pa zomera zam'madzi umakhala ndi mipata yambiri ya mpweya. Pakati penipeni pali mtima, momwe mumadutsa timipaipi ta mitundu iwiri: xylem yonyamula madzi ndi michere kupita kumasamba, ndi phloem yotsitsa chakudya chopangidwa m'masamba. Mtima umenewu wazunguliridwa ndi mpanda wa maselo (tizipinda ting'onoting'ono timene timapanga thupi la chomera) wotchedwa endodermis, ndipo kuseri kwa mpandawo, chamkati, kuli mzere wina wopyapyala wotchedwa pericycle. Mizu ya m'mbali ya zomera zamaluwa imayambira mu pericycle.

Chimene chimadzutsa maselowo ndi auxin, mankhwala achilengedwe amene chomera chimapanga chokha, makamaka m'masamba anthete ndi m'nsonga zomakula. Auxin akaunjikana pa maselo ochepa a pericycle, maselowo amayamba kugawikana. Poyamba amagawikana chotsatira utali wa muzu, n'kupanga kamzere ka maselo aafupi. Kenako amagawikana chopita kunja, mzere pamwamba pa mzere, mpaka papangika kachulu. Kachulu kameneka kamakonza nsonga yakeyake yomakula ndi kachisoti kake kakadali mkati. Ndiye kamayamba ulendo wotuluka: kamakankha endodermis, kamadutsa mnofu, maselo a m'njira amamasuka n'kupatuka, mpaka kamang'amba khungu n'kutulukira m'madzi. Kumbuyo kwake timipaipi take timalumikizana ndi ta muzu waukulu. Timatuza timene munaona m'mbale muja ndi tizulu timeneti titatsala pang'ono kuboola.

Nanga mizere ija? Maselo a pericycle sadzuka onse. Amadzuka okhawo amene ayang'anizana ndi timipaipi tinatake ta mumtima. Pa nyemba ndi zomera zambiri za masamba otakata ndi amene ayang'anizana ndi xylem; pa mpunga, chimanga ndi maudzu ena ndi amene ayang'anizana ndi phloem. Popeza timipaipito timayenda choongoka kutsika ndi muzu, timizu nato timandanda choongoka.

Pali chinthu china chimene chimasiyanitsa namasupuni ndi zomera zambiri za kumtunda. Pa zambiri za kumtunda, kachulu kaja kamayamba patali ndithu ndi nsonga, pamene maselo asiya kale kutalika. Pa namasupuni ndi Pistia kamayambira kufupi kwenikweni ndi nsonga, m'chigawo chimene maselo akadali kugawikana. Ndiye kuti chigawo chosalala chija, chimene maso akuti chilibe kanthu, chili ndi pakati kale. Timizu tili mkatimo, tangotsala kukula ndi kutuluka. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pali chinsinsi cha kufulumira kwa udzu umenewu, kuti muzu ukangotalika pang'ono nthenga yatsatira pompo.

Musasokoneze mizu ya m'mbali ndi ubweya wa mizu umene timaona pa chimanga chongomera. Kaubweya ndi selo imodzi ya pakhungu imene yangotalika, ilibe kachisoti, ilibe timipaipi, ndipo imafa msanga. Namasupuni woyandama sadalira ubweya woterewu. Ntchito yoyamwa michere m'madzi yatengedwa ndi timizu ta m'mbali tija. Timizu timeneti timakula kufika pautali wake n'kuima, ndipo kawirikawiri sitiphukanso nthambi.

Gawo lachinayi: tsimikizani ndi lezala

Mawu okha sakwanira, dulani. Yambani ndi karoti chifukwa ndi wamkulu, ngakhale si wam'madzi. Pakhungu lake pali timizere topingasa tokhala ndi kadzenje pakati, pena pali kaulusi. Mung'ambeni m'litali podutsa pa kadzenje kamodzi. Muona kanjira kotuwa kochokera pa mtima wa karotiyo, kodutsa mnofu wonse mpaka pakhungu. Ameneyo ndi phazi la muzu wa m'mbali. Mukasenda mnofu mosamala n'kusiya mtima wokha, mtimawo umakhala ndi timinga.

Mukatero bwererani kwa namasupuni. Dulani kachidutswa ka muzu wonenepa, kuchigawo cha timinga, mukaike pa chikhadabo kapena pa kagalasi ndi dontho la madzi. Sendani timagawo topyapyala kwambiri chopingasa, ngati mukudula anyezi wa anthu ambiri. Mwa timagawo khumi, kamodzi kapena tiwiri tokha ndi timene tituluke bwino, musakwiye. Kwezani kagalasiko kukuwala muyang'ane ndi galasi lokulitsa. Muona kadontho ka mtima pakati, ndi kamuzu kochokera pa kadonthoko kupita kunja. Ana asagwire lezala okha.

Muli pomwepo, dulani phesi lotupa la tsamba. Mkati muli ngati siponji, ndipo mukalifinya pansi pa madzi thovu limatuluka. Mipata imeneyi ndiyo imamuyandamitsa, ndipo imapitirira mpaka kumizu, kutsitsa mpweya wa okosijeni kuti nsonga zipume ngakhale m'madzi oima a m'dambo. Pali udzudzu wa mtundu wa Mansonia umene mphutsi zake zinatulukira chinyengo: zimabaya muzu wa namasupuni kapena Pistia n'kumapuma mpweya wa mkatimo, osakwera pamwamba pa madzi.

Gawo lachisanu: ikani chizindikiro, muziyeza

M'chidebe chilichonse sankhani mizu iwiri yatsopano, yoyera, yosakwana masentimita 3. Mangani ulusi momasuka kutsinde kwa muzu uliwonse, osakoka mfundo. Tsiku lililonse lachiwiri, nthawi yofanana, goneketsani mwanayo m'mbale n'kulemba zinthu zitatu: utali wa muzu wonse, mtunda wochokera kunsonga kufika pa kathuza koyamba, ndi utali wa kamuzu ka m'mbali kakatali kuposa tonse. Musachedwe naye kunja, mizu ikauma nsonga imafa.

Chimene chimasangalatsa ana kwambiri ndi ichi: malo amene Lolemba anali osalala, Lachitatu ali ndi timatuza, Lachisanu ali ndi timinga. Malowo sanasunthe. Nsonga ndi imene yathawira kutsogolo.

Pofika sabata yachitatu tulutsani mmodzi wa m'chidebe chanjala ndi mmodzi wa m'chokhuta, muwagoneke pamodzi. Wokhuta amakhala ndi masamba akuluakulu obiriwira, koma mizu yaifupi. Wanjala masamba ake amakhala aang'ono, otumbuluka, koma mizu yaitali, timizu ta m'mbali tatitali ndi tothinana, mtundu wake wopita ku pepo woderapo. Mtunduwo umachokera ku anthocyanin, utoto womwewo umene umafiiritsa masamba a chimanga chosowa fosifolasi. Michere ikachepa, makamaka fosifolasi, chomera chimapatutsira mphamvu zake kumizu kuti chiponye khoka lalikulu m'madzi. Asodzi amadziwa kuti namasupuni wa pamadzi oyera amakhala ndi ndevu zotalika mpaka kuyandikira mita, pamene wa pafupi ndi ngalande zonyansa za m'tauni amakhala wamtali masamba, wamfupi mizu. Kusiyanako kukakhala kochepa m'zidebe zanu, mwina madzi a pamjigo wanu ali ndi michere kale, kapena anawo akudyabe zimene anasunga. Onjezani sabata ina ndi madzi a mvula.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: mpunga, ndi kudula nsonga

Timaiwala kuti mpunga nawo ndi chomera chamaluwa chokhala m'madzi. Wa Kilombero kapena Faya, uliwonse umene uli pafupi, bola ukhale wosapuntha ndiponso wosakhalitsa m'nkhokwe. Uviikeni tsiku limodzi, tayani woyandama, wotsalawo muukulunge m'kansalu konyowa masiku awiri mpaka utalumika mano oyera. Mangani kachidutswa ka neti pakamwa pa botolo lagalasi, dzazani madzi mpaka akhudze neti, yalani njere khumi pamwamba. Kutani botololo ndi pepala lakuda kapena sokosi yakale.

Muzu woyamba umatsika wokha, woongoka. Pasanathe sabata muyamba kuona timizu ta m'mbali kumtunda kwake, tikutsika motsatana monga pa namasupuni paja. Kenako mizu ina yonenepa imatuluka pa tsinde. Yang'anitsitsani timizu ta m'mbali: pa mpunga tilipo ta mitundu iwiri. Tambiri ndi tatifupi, topyapyala, tosaphuka nthambi. Tochepa ndi tonenepako, tatitali, ndipo timatulutsanso timizu tawo.

Muzu woyamba ukafika masentimita 6 kapena 7, tengani mbande zisanu mudule nsonga zake ndi lezala, theka la sentimita chabe. Zisanu zinazo zisiyeni. Pakatha masiku anayi kapena asanu fananizani. Muzu wodulidwa sutalikanso, koma kufupi ndi bala kumatuluka timizu tonenepa tija, tikukhotera pansi ngati tikulimbirana ufumu wa nsonga yomwe yapita. Nsonga ikakhalapo imapondereza timizu ta kumbuyo kwake. Ikachoka, auxin wotsika kuchokera kumtunda amaunjikana pamwamba pa balalo. Alimi a ku Karonga, Nkhotakota ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa amachita zimenezi chaka ndi chaka osazitchula dzina: pozula mbande ku nazale nsonga zambiri zimaduka, mbande zimafota masiku angapo, kenako zimagwira ndi mizu yatsopano yochokera pa tsinde ndi nthambi za mizu yotsalayo. Koma zimenezi si chilolezo chozula mwankhanza. Mbande yoduka mizu kwambiri imachedwa kugwira. Thirirani nazale musanazule.

Mukafuna kuona mbali inayo ya nkhaniyi, tolani timasamba tobiriwira tating'onoting'ono toyandama pa zithaphwi, ta mtundu wa Lemna. Kalikonse kali ndi kamuzu kamodzi kolendewera, kokhala ndi kachisoti kunsonga, koma kopanda nthambi ngakhale imodzi. Kachomera kakang'ono choncho kamayamwa michere ndi kunsi kwa tsamba lake lomwe.

Gawo lomaliza: kutaya

Pofika pano ana asanu ndi mmodzi aja mwina asanduka khumi ndi awiri. Akatulutsa duwa lithotholeni lisanabale, chifukwa njere za namasupuni zimatha kukhala m'matope zaka zoposa 15 zikadali zamoyo. Onse, ndi tizidutswa tomwe, ayanikeni pa lata kapena pa simenti, kutali ndi ngalande, mpaka aume gwa, kenako muwatenthe kapena muwakwirire m'dzenje la manyowa lomwe madzi osefukira safikako. Madzi a m'zidebe asefeni ndi neti ija, muwathire pa nthaka youma pakati pa bwalo, osati m'ngalande kapena kudambo. Neti, mbale ndi zidebe zitsukeni ndi sopo, muziyanike padzuwa tsiku lathunthu musanazigwiritsenso ntchito ina.